Mlendo Amene Sadali Mame: Mbiri ya Tauni ya Geel

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda kumva za miyambo ya anthu, lero tiwoloke nyanja. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiko kunena kuti mlendo um'pirire pakuti mawa lomweli anyamuka. Koma m'dziko la Belgium muli tauni ina, dzina lake Geel, kumene kwa zaka zoposa 500 anthu akhala akulandira m'nyumba zawo alendo osachoka. Alendo ake si amalonda kapena apaulendo ayi. Ndi anthu odwala matenda a maganizo, komanso anthu obadwa ndi ulumali wa ubongo, aja thupi limakula koma nzeru n'kutsalira pa msinkhu wa mwana. Ena adalowa m'nyumbazo ali anyamata, nakhalamo mpaka imvi zili mbuu.

Aliyense amene adalerapo munthu wotere adziwa kuti chotopetsa si kum'dyetsa kapena kum'veka. Chotopetsa ndi zochita zake: kukuwa pakati pa usiku, kung'amba zovala, kudzigunditsa mutu kukhoma, kufunsa funso limodzimodzi kakhumi dzuwa lisanafike paliwombo, kuvula pamaso pa alendo, kusowa pakhomo osatsanzika. Banja lina limapirira zimenezi zaka makumi atatu. Lina limagwa mphwayi chaka chisanathe, n'kuyamba kum'tsekera m'nyumba kapena kum'manga chingwe. Ife timafulumira kunena kuti kusiyanaku kuli mu mtima wa wolera, kuti uyu ngwachifundo, uyo ngwouma mtima. Mbiri ya Geel ionetsa kuti kupirira kotere kumachirikizidwa ndi zinthu zambiri zimene zili kunja kwa mtima wa munthu mmodzi.

Geel ali m'chigawo cha Antwerp, kumpoto kwa Belgium, kumene anthu amayankhula Chidatchi. Chiyambi cha mwambo wawo chili m'nthano ya mtsikana wotchedwa Dymphna. Nthanoyo imati m'zaka za m'ma 600 ku Ireland kudali mfumu imene mkazi wake adamwalira, ndipo chisoni chidaizunguza mutu kufikira idafuna kukwatira mwana wake yemwe, poti ndiye yekha adafanana ndi malemuwo. Mtsikanayo adakana malaulo otere. Adathawa pamodzi ndi wansembe wokalamba dzina lake Gerebernus, nawoloka nyanja, nakabisala ku Geel. Atate ake adam'londola potsata ndalama zakwawo zimene othawawo ankagulira zinthu m'njira, ndipo atakananso, adam'dula mutu ndi dzanja lawolawo. Nkhaniyi idalembedwa m'zaka za m'ma 1200 ndi wansembe wina wa ku Cambrai wotchedwa Petrus, amene adangosonkhanitsa zimene anthu ankasimba pakamwa, motero tiilandire monga nthano. Chimene sichili nthano n'chakuti anthu adakhulupirira kuti mtsikana wophedwa ndi munthu wozungulira mutu angathe kupempherera ozungulira mitu, ndipo adayamba kubwera ndi odwala awo kumanda ake.

M'chaka cha 1349 adayamba kumanga tchalitchi cha Dymphna, ndipo mu 1480 adaphatikizako chipinda cha odwala. Wodwala ankakhala m'menemo masiku asanu ndi anayi akupemphera, kuzungulira tchalitchi, ndi kukwawa pansi pa bokosi losungiramo mafupa a woyerayo. Masiku amenewo sankasiyanitsa kwenikweni wamisala, wakhunyu ndi wobadwa wochedwa nzeru. Onse ankati agwidwa ndi mizimu yoipa. Chipindacho chidachepa. Odikira malo ankawagoneka kwa anthu oyandikana ndi tchalitchi, abale awo akulipirako kenakake. Ndiye padali ena amene masiku asanu ndi anayi adatha osachira, ndipo wobadwa ndi ulumali wa ubongo sakadachira, pakuti umenewu si nthenda yoti n'kuichotsa m'thupi. Abale ena adabwerera kwawo okha, nasiya munthu wawo m'manja mwa mlimi amene adam'goneka poyamba. Mwambo udabadwa motero, popanda mfumu kapena dokotala woulamula.

Dera limenelo, lotchedwa Kempen, ndi lamchenga, losabereka bwino, ndipo alimi ake adali osauka. Kwa mlimi wotere mlendo uja adali manja owonjezera: wodyetsa ng'ombe, wothandiza kumunda, wotunga madzi, woyang'anira khanda mayi ali kuntchito zina. Pamwamba pake pankabwera kandalama ka chakudya chake, kochokera kwa abale kapena ku mizinda imene inkatumiza osauka ake kumeneko. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ambiri timaulekeza pakati, chikhalirecho umapitirira kuti ukachenjera manja udya naye. Makolo sadachite manyazi kuvomereza kuti m'kulera muli kudya, ndipo ine sindiona kuti phindu limeneli lichepetsa ubwino wa anthu a ku Geel. Ntchito ndiyo idam'patsa mlendoyo malo pakhomo. Munthu amene satha kuwerenga kapena kusunga ndalama, koma ng'ombe zim'dziwa mawu, pamunda si mtolo ayi, ndipo kuyankhula yekha kwake ali kubusa sikusowetsa mtendere munthu aliyense. Khalidwe lomwelo muliike m'kalasi kapena mu ofesi, lisanduka mlandu tsiku lomwelo.

Musaganize kuti kudali paradizo. Dokotala wotchuka wa ku France, Esquirol, adakacheza ku Geel mu 1821, ndipo adapeza kuti m'nyumba mudali mphete zachitsulo pafupi ndi moto kapena pabedi, zomangirirapo unyolo mlendo akavuta. Ena ankayenda ndi zitsulo m'miyendo kuti asathawe. M'zaka za m'ma 1840 mlendo wina adapha meya wa tauniyo. Madokotala a ku Ulaya adakangana za Geel kwa zaka zambiri. Ena ankati ndi malo aumbuli oyenera kutsekedwa. Ena ankati zinyumba zikuluzikulu za amisala zimene maiko ankamanga nthawi imeneyo ndizo ndende, ndipo munthu ali bwino pakhomo la mlimi wosauka kusiyana ndi kuseri kwa mpanda wa njerwa.

Dziko la Belgium lidakhazikitsa lamulo la odwala misala mu 1850, ndipo mu 1852 boma lidatenga udindo woyang'anira mwambo wa ku Geel. Mu 1862 adatsegula chipatala chapakati. Chipatalachi sichidamangidwe kuti chilande alendo m'mabanja. Kudali kolandirira obwera kumene ndi kuwaona khalidwe asanawasankhire khomo, komanso kobwezera munthu akavuta kwambiri, kuti apume iye, banja nalo lipume, kenaka abwerere. Tauni idagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi woyendera wake wozungulira makomo. Ofatsa ankawaika pakati pa tauni, pamene aphokoso ankawatumiza ku minda yakutali kuthengo, kumene kukuwa kwawo kunkamveka kwa ng'ombe ndi mbalame zokha. Amene ankaoneka kuti angaphe munthu, angatenthe nyumba kapena kuchita zaupandu kwa akazi ndi ana, sankayenera kuperekedwa kubanja konse. Maunyolo adatha pang'onopang'ono. Apa mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga udapherezera: mayi wa ku Geel ankapirira zambiri podziwa kuti madzi akafika m'khosi pali khomo loti akagogode. Anansi ake nawo sankam'loza chala mlendo wake akakuwa pamsewu, popeza kuseri kwa nyumba zawo kudali alendo awo. Kupatsidwa mlendo kudali ulemu, chizindikiro chakuti banjalo ndi lodalirika.

Mu 1938 alendo adafika 3,736, m'tauni imene eni ake sadali kupitirira 20,000. Ena adali ochokera kumaiko ena. Ngakhale atate a Vincent van Gogh, mmisiri wojambula uja, adaganizapo zotumiza mwana wawo ku Geel mu 1880, koma sizidachitike. Anthu a m'mizinda ina ya Belgium ankaseka kuti theka la anthu a ku Geel ndi amisala, ndipo tauni yonse ndi yamisala mwatheka. Kunena kuti uje ngwa ku Geel kudali chipongwe, monga ena kwathu kuno amatchulira ku Zomba pofuna kunyoza mnzawo.

Eni tauniwo sankatchula anthuwa kuti odwala. Ankati ndi "kostganger", kutanthauza munthu wogona ndi kudya nawo pakhomo molipira, kapena ankangoti mlendo. Chodabwitsa n'chakuti mwa mwambo wake banja silinkauzidwa dzina la nthenda ya munthu amene lalandira, ndiponso silinkaphunzitsidwa zachipatala. Linkam'dziwa monga timadziwira m'bale: kuti sakonda kum'dzutsa modzidzimutsa, kuti mpando wake ndi uwu, kuti akayamba kuyendayenda ndiye kuti china cham'sautsa.

Pali nkhani imodzi imene ndifuna muimvetsetse. Mtsikana wina wa ku America, Ellen Baxter, adakakhala ku Geel m'zaka za m'ma 1970 kuti aone mwambowu ndi maso ake, ndipo zimene adaona adazisimbanso pawailesi mu 2016. Pakhomo lina padali mlendo wamwamuna amene tsiku lililonse ankapotokola mabatani a malaya ake mpaka onse atathothoka. Madzulo alionse mayi wa pakhomopo ankatola mabataniwo, natenga singano, nawasokereranso. Kutacha, bamboyo ankayambanso. Baxter ataona kuvutika kwa mayiyo adam'patsa nzeru: bwanji osasokera ndi ulusi wowedzera nsomba, umene sungaduke? Mayiyo sadathokoze ayi. Zidam'nyansa. Adam'fotokozera kuti sangachite zimenezo, chifukwa bamboyo amafuna kuthothola mabataniwo, ndipo kutero ndiko kumam'khazika mtima pansi.

Taganizani mofatsa. Mtsikana wophunzira adaona vuto, nafuna mankhwala ake. Mayi wa pamudzi adaona munthu amene wapeza njira yake yotulutsira nkhawa, njira yosapweteka aliyense, imene mtengo wake ndi kamphindi kochepa ndi singano. Akadamanga mabataniwo ndi ulusi wosaduka, nkhawayo sikadatha. Ikadangofuna potulukira pena, mwina pa khungu la bamboyo, mwina pa mbale za m'nyumba. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Sindikunena kuti khalidwe lililonse n'loyenera kungolisiya. Munthu wodziluma mpaka magazi, kapena womenya ana, afunika thandizo, ndipo kawirikawiri kuseri kwa ukali wa munthu wosatha kuyankhula kumakhala dzino lowawa, khutu lotukusira kapena m'mimba mopota. Luso la amayi a ku Geel lidali kusiyanitsa chimene chikupweteka munthu ndi chimene chikungonyansa maso a oonerera. Baxter atabwerera kwawo adayambitsa mu 1983 bungwe la Broadway Housing Communities ku New York, lopezera nyumba anthu osowa pokhala, ambiri mwa iwo a mavuto a maganizo.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji mlendo apirire chimene mayi wobereka chimam'kanika? Ku London, mu 1958, katswiri George Brown ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atalondola amuna oposa 200 otulutsidwa m'zipatala za amisala. Adadabwa kuona kuti obwerera kwa makolo kapena kwa akazi awo ankadwalanso kawirikawiri kuposa amene adakakhala kwa abale obadwa nawo kapena m'zipinda zalendi kwa anthu achilendo. Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti chimene chimasautsa wodwala pakhomo ndi kudzudzulidwa kosalekeza, kuipidwa naye, ndiponso nkhawa ya achibale yopitirira muyeso, ija yosam'lola munthu kupuma. Amunawo adali odwala maganizo, osati a ulumali wa ubongo, koma ine ndiona kuti muzu wake ndi umodzi. Kholo likamayang'ana mwana wake wa zaka makumi atatu akuthothola mabatani, limaonanso mwana amene linkamuyembekezera ali m'mimba, amene akadakhala mphunzitsi kapena mlimi wa banja lake. Batani lililonse logwa limakumbutsa chisoni chimenecho. Wolera wachilendo alibe chisoni chotere; adam'landira munthuyo ali momwe alili. Si kuti chikondi cha kholo n'chochepa, koma kuti n'cholemedwa. Amene adati mwana sakulira nakubala adaona patali.

Muyeso wa chimene anthu amati n'chovuta umasiyananso mtundu ndi mtundu. Mu 1988 John Weisz ndi anzake adafalitsa kafukufuku amene adachita ku Thailand ndi ku America. Adapatsa makolo, aphunzitsi ndi akatswiri a za maganizo nkhani zofanana za ana awiri, wina wamantha ndi wamanyazi, wina wamwano ndi wandewu. Anthu a ku Thailand adaona makhalidwewo ngati osadetsa nkhawa kwambiri, ndiponso oti adzasintha m'kupita kwa nthawi, pamene a ku America adawaona ngati aakulu. Mwana yemweyo, khalidwe lomwelo, koma akuluakulu ena agona tulo, ena achezera.

Nanga mwambo wa ku Geel ungasamutsidwe ngati mbande? Ambiri adayesa. A ku Belgium komweko adayambitsa wofanana nawo ku Lierneux mu 1884, ndipo a ku France adatsegula ku Dun-sur-Auron mu 1892 ndi ku Ainay-le-Château mu 1900. Ku Ainay kumeneku kudapita katswiri wina wamkazi, Denise Jodelet, m'zaka za m'ma 1970, ndipo buku lake lidatuluka mu 1989. Adapeza alendo oposa 1,000 akukhala m'makomo a anthu, akuyenda momasuka m'misewu, woona kunja n'kumati zonse zili bwino. Koma atalowa m'nyumba adaona zina. M'makomo ambiri mlendo adali ndi chipinda chake chapadera, mbale zake ndi kapu yake zosasakanizidwa ndi za banja, ndipo zovala zake ankazichapa pazokha. Eni nyumba ankavomera pakamwa kuti nthendayi si yopatsirana, komabe manja awo ankaopa malovu ndi thukuta la mlendoyo. Adazolowera kukuwa kwake ndi kuyendayenda kwake, koma ambiri sankadya naye pa thebulo limodzi. Kumeneko kudali kupirira ndithu, koma kupirira kwa munthu amene wayamba wamanga mpanda. Mwambo umene ku Geel udamera wokha pa zaka mazana ambiri, ku Ainay udabwera ndi kalata ya boma.

Ngakhale Geel amene adali ndi mipanda yake. Eugeen Roosens, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Belgium komweko, adafalitsa buku lonena za moyo wa alendowa mu 1979. Adaonetsa kuti eni tauni ankalekerera zachilendo zambiri pamsewu ndi m'malo omwera, ndipo m'makomo ambiri mlendo adasanduka wa m'banjamo. Komabe aliyense ankadziwa kuti uyu ndi mwini mudzi, uyu ndi mlendo, ndipo chibwenzi kapena ukwati pakati pa awiriwa chidali chinthu chosaloledwa.

Kuchokera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chiwerengero cha alendo chidayamba kutsika, ndipo chifukwa chake si chakuti ana a ku Geel adabadwa ndi mitima youma kuposa agogo awo. Thalakitala idalanda ntchito za manja. Minda ing'onoing'ono idatha, mafakitale adafika, bambo ndi mayi onse adayamba kulawirira kuntchito, ndipo pakhomo padasowa munthu wotsala ndi mlendo masana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kudabwera mankhwala atsopano a matenda a maganizo, ndipo pambuyo pake padamangidwa nyumba zina zosamalira anthu a ulumali wa ubongo kufupi ndi kwawo. Ndalama imene banja limalandira siifika pa malipiro a munthu wapantchito. Ku Japan kudali mudzi wa mwambo wofanana, wa Iwakura pafupi ndi Kyoto, kumene odwala ankabwera kukachisi wa Daiunji n'kumagona m'makomo a anthu. Kumeneko mwambo udafooka ndi njala ya nthawi ya nkhondo, ndipo udatheratu pamene lamulo la 1950 lidaletsa kusunga odwala misala kunja kwa zipatala.

Ku Geel sudathe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alendo adali pafupifupi 500, ndipo pafupifupi theka la iwo adali a ulumali wa ubongo. Pofika 2023 adatsala pafupifupi 120, m'tauni ya anthu pafupifupi 40,000. Chipatala cha boma cha kumeneko ndicho chimasankha mabanja, anamwino ake amayendera makomo, ndipo alendo ambiri masana amapita ku malo antchito zamanja m'malo mwa munda. Mu Disembala 2023 bungwe la UNESCO lidaika mwambowu m'kaundula wake wa njira zabwino zosungira chikhalidwe cha anthu. Zaka zisanu zilizonse tauniyo imachita chionetsero chachikulu m'misewu chokumbukira Dymphna. Ambiri mwa alendo otsalawo ndi okalamba, ena akhala pakhomo limodzi zaka zoposa makumi anayi, ndipo ena akusungidwa ndi ana a anthu amene adawalandira poyamba, ana amene alendowo adawapeza akukwawa.